Kanyama Nambala 4417

Anabwera nako Lolemba m'kabotolo ka mankhwala oyabwa m'mphuno,
kanyama kotuwa, kochepa ngati njere ya mpunga.
Pa pepala: Leonor Quilodrán, zaka makumi asanu ndi chimodzi,
fodya sanamulawepo, chotupa m'munsi mwa phapo lakumanja.
Dokotala wa opaleshoni anawonjezapo ndi bolopeni yofiira,
khansa?
ndipo anakanikiza mpaka pepala kubooka.

Ine odwala sindiwaona nkhope.
Chipinda changa chili pansi pa chipatala cha ku Valparaíso,
zenera lake limangondionetsa nsapato za odutsa mumsewu,
sitima za padoko ndimazidziwira kulira kokha.

Baltazar anakakwirira m'phula kanyamako,
nakasenga ndi makina mopyapyala kuposa khoko la anyezi,
nakayandamitsa pa madzi ofunda, nakawola ndi galasi.
Manja ake sanjenjemera ngakhale atagona mochedwa.
Atakanyika mu utoto wa pinki ndi wa pepo
anandiikira pa tebulo osanena kanthu.

Ndinawerama pa maikulosikopu.
Khansa ndimaidziwa, ndakalamba nayo,
maselo ake ndi amwano, amakankhana, amaswa mipanda,
maso awo akuda bii, ena akulu ena ang'ono.
Awa ayi.
Awa anali mitundu iwiri yokhalirana bwino:
ena andanda pamwamba ngati matailosi a pakhoma,
ena ozungulira, ofatsa, aunjikana mkati,
apa magazi akale, apo chipsera cholimba.
Ndinafufuza selo limodzi lokha lomwe likugawikana mwaukali.
Khofi anazizira. Sindinalipeze.

Koma njere ya mpunga si thumba lonse.
Singano imatola pomwe yagwera,
ndipo zomwe yasiya m'chifuwa sindizidziwa.
Lachiwiri foni inalira kawiri: Dokotala Arriagada, yankho?
Ndinati dikirani.
Anati mayiyo sakugona, ana ake ali pakhonde.
Ndinati ndamva, dikiranibe.

Ndinaitanitsa utoto wina, uja umafunsa selo kwawo
ndipo likavomera limasanduka lakhofi.
Utoto woyamba, mitundu yonse iwiri inavomera: kwathu ndi m'mapapo.
Wachiwiri, apamwamba okha ndiwo anayankha,
ozungulira aja anangoti duu.
Pamenepo msana wanga unazizira pang'ono,
chifukwa ndinakumbukira: chinthu ichi ndinachionapo kamodzi
ndili wophunzira, pa galasi long'aluka la mphunzitsi wanga,
zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Kamodzi sikakwana kusainira moyo wa munthu.
Ndinakulunga magalasi m'thonje, ndinawatumiza ku Santiago pa basi ya usiku
kwa mnzanga amene amakonda kunditsutsa.
Lachisanu anandilembera mawu atatu:
Ndaona zomwe waona.

Dzina lake ndi lalitali, la Chigiriki, lopunthwitsa lilime.
Ndinalitayipa pang'onopang'ono, ndinaliwerenga kawiri,
kenako m'munsi ndinalemba zomwe ana a pakhonde angamve:
chotupa chosowa, si khansa, kawirikawiri sichiyenda m'thupi.
Chotsani chokhacho, phapo lisiyeni,
ndipo mukachichotsa munditumizire chonse ndichionenso.

Dokotala uja anatsika yekha masitepe, koyamba chaka chino.
Mukutsimikiza?
Ndinamupatsa mpando wanga, ndinamuwongolera galasi.
Anayang'ana nthawi yaitali ngati munthu wowerenga kalata ya chinenero china.
Potuluka anati, mukudziwa, amagulitsa matikiti
pa chikepe chokwera phiri la Artillería.

Ine kwathu ndimakwera wapansi, dokotala wa mawondo anandiuza choncho.
Madzulo amenewo ndinapita pa chikepe.
Pa kawindo panali mayi wa juzi yobiriwira,
akuwerenga makobidi, akutsokomolera m'mpango.
Mwina anali iye, mwina wolowa m'malo mwake.
Sindinafunse, ntchito yanga siilola.
Anandipatsa chenji, nati gwirani chitsulo, kamagwedeza poyamba.
Ndinagwira.
Kanagwedezadi.