Bokosi Limene Imfa Inakana

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa Lizulu
ndakhala ndikukhoma mabokosi a maliro.
Dzanja langa limadziwa muyeso wa munthu wogona
ngakhale tepi itasowa.
Ndinkati ntchito ndi yomweyi:
yeza, dula, pala, khoma, landira,
usaseke pamaso pa wogula.

Bokosi limodzi linandichititsa manyazi.
Thabwa la paini linali laliwisi, linapindika,
mfundo inagwa n'kusiya bowo lolowa chala.
Anamfedwa atatu analiyang'ana, n'kuloza lina.
Ndinaliponya kuseri kwa shedi,
pansi pa mtengo wa pichesi,
m'kope n'kulemba kuti: yalowa m'madzi.

Pichesi atachita maluwa,
Felesiya, amene ndinamulemba kuti azisalaza matabwa,
analowa chothamanga, tsaya litatupa ngati ndazi:
"Abwana, bokosi lija lapeza eni ake!"

Pa bowo paja panali piringupiringu,
njuchi kulowa, njuchi kutuluka,
ngati tsiku la msika malole a mbatatesi atafika.
Ndinati, tenga udzu ndi machesi.
Iye anaima pakati pa ine ndi bokosilo,
sandipepa akadali m'manja:
"Zaka zonsezi wolowa m'bokosi lanu satulukanso.
Awa akutuluka.
Bwanji tione kaye chimene abwere nacho?"

Mwana wadzulodzuloyu,
wosadziwa n'komwe kunola tchizulo!
Mawu omuchotsa ntchito anafika pakhosi,
koma foni inalira: zovuta ku Mlanda, galimoto ikubwera.
Za moto ndinaiwala.
Nzeru zanga pa nkhaniyi zinathera pomwepo,
pa kuiwala.

Mvula yoyamba itagwa tinavundukula usiku,
utsi wa zitsononkho ukutiliza maso.
Ndowa inalemera.
Ndinanyambita chala n'kuyang'ana uku ndi uku ngati mbala.
Mkazi wanga anakana ngakhale kununkhiza:
"Uchi wa m'bokosi la maliro adye ndani?"
Anadya dalaivala wa thiraki wa chifuwa chosatha,
mabotolo awiri, osanenerera mtengo,
sabata yotsatira n'kuimanso, akuimba hutala.

Felesiya anatola khala n'kujambula pakhoma:
bokosi lalifupi, lopapatiza kunsi,
timitengo topingasa pamwamba,
ndi bowo, bowo lomwe lija linandigonetsa ndi njala,
tsopano loboola dala.

Musaganize kuti zinangoyenda ngati madzi a mumfuleni.
Pa ming'oma isanu yoyamba
iwiri inalowa linthumbu,
umodzi njuchi zinangouzungulira n'kupita,
sitinadziwe chifukwa mpaka lero.
Pa chala changa chachikulu pali chipsera cha mbola,
m'kope muli masamba amene sindikonda kutsegula.

Koma chikwangwani ndinachipentanso ndekha:
MABOKOSI, A OGONA NDI A OULUKA.
Amabwera a ku Tsangano pa njinga zamoto,
ena amangowoloka msewu kuchokera ku Mozambiki
metikali atakulunga m'kampango.
Imfa sinasiye kuitanitsa,
koma pa masiku amene ili chete
nyundo yanga sikhalanso chete nayo.

Lolemba lililonse, macheka asanalire,
ndimafunsa anyamata:
chinalakwika n'chiyani sabata yathayi?
Bweretsani pano, kuseri kwa shedi kuli eni ake kale.
Poyamba ankayang'ana pansi, kuyesa msampha.

Dzulo Gelesomu anadula chitseko
n'kuperewera chikhatho chathunthu.
Pakamwa panga panatseguka kale, mwano uli pa lilime.
Felesiya anatsokomola.

Tinaima atatu mochizungulira,
manja kumbuyo, ngati ogula ng'ombe.
Wina anati tebulo la ogulitsa tomato,
wina anati khola la nkhunda,
ine sindinanene kanthu.
Chikadali chotsamira khoma, utuchi ukuchigwera.
Mwini wake sitinamudziwe,
koma machesi ndawabweza m'thumba.