Chikwama cha Sigele

Chafika pakhonde langa m'mawa wa tsiku la msika,
nkhungu isanachoke pa Lizulu,
lamba wakumanzere ataduka, zipi itagweluka mano.
"Malume, mundisokere. Ndikuchifunabe."

Telala amayamba wapisa m'matumba.
Ndapezamo tikiti ya basi yofufutika,
sokosi imodzi,
mapu othetheka popinda, pomwe panalembedwa Quito,
ndi kandalama kachitsulo
kojambulidwa mayi atabereka mwana.

Anapitira maphunziro a matenda a mbatata,
anzake atakwera ndege yobwerera, iye anatsalira sabata,
chikwamachi kumsana, ndalama m'kamisolo.

Ndikulowetsa ulusi, iye akusimba.
Akuti mzindawo unagona chotalika pakati pa mapiri
ngati nsalu yoyanika pamwala,
ndipo mpweya wake ndi woperewera:
mwana wokulira m'zitunda za Ntcheu
ankapuma kawiri pamasitepe khumi,
atagwira khoma, agalu akumuyang'ana.

Akuti ankagona m'chipinda cha mabedi osanjikiza,
anthu asanu ndi atatu, aliyense nkonono wachilankhulo chake.
M'basi chikwama ankachiberekera kutsogolo
ngati mwana wodwala,
poti zala zazitali zili konsekonse.
Lambayu anadukira pachitseko cha basi yomweyo,
mvula ya matalala ikugwa masana.

Analowa m'tchalitchi chamkati mwa golide yekhayekha,
nakhala pabenchi yakumbuyo,
nadya banzi mobisa.
Anaona Mariya wamapiko ataima pachulu cha mzinda.
Anakwera kabokosi kolendewera pawaya
mpaka nyumba zinasanduka mpunga wotayika,
ndipo akuti sanatsinzine.
Ine ndikumudziwa Sigele. Anatsinzina.

Kenaka akuti kuli mzere wachikasu wogawa dziko pakati,
analipira pakhomo
kuti aime mwendo uwu kumpoto, mwendo uwu kummwera.
Apa ndaimitsa makina.
Iwe, kulipira?
Ine ndikamwa tiyi ku Malawi
ndimadumpha msewu uwu kukagula ulusi ku Mozambiki,
ndikabwerako tiyi asanazizire,
palibe anandijambulapo.

Waseka, kenaka wakhala chete,
akuyang'ana ndowa za kachewere zondanda m'mbali mwa tala.

Akuti tsiku lomaliza anasochera nkutulukira mumsika.
Mbatata, malume. Mbatata!
Zofiirira, zakuda, zachikasu, zina zopindika ngati chala.
Wogulitsa anali mayi wachipewa, tsitsi loluka mpaka m'chiuno,
zikhatho zong'aluka ndi chisanu,
dothi m'zikhadabo
ngati mchemwali wanga Nangozo, mayi ake, tisanawaike.
Sanamvane liwu ndi limodzi lomwe.
Anatsitsana mtengo ndi zala.
Atalipira, mayiyo anatola ziwiri naponya m'jumbo.
Basela.
Kumeneko akuti amati yapa.
Akuti golide uja sanamulize,
koma mbatata ziwirizo
anatuluka nazo akupukuta m'maso ndi lamba yemweyu.

Ine Blantyre ndinafikako kawiri,
kamodzi kuchipatala.
Koma mapazi awa apalasa Singa zaka makumi atatu,
mutati muwongole ulusi wonse ndasokawu
bwenzi utaoloka nyanja yamchere
nkukamangirira pamsika wa mayi uja.

Ndabwereza msoko katatu,
ndaikapo kachigamba ka jini yakale.
Zipi ndaika yabuluu, yakuda inatha.

Sigele atapita kukagula chimanga chootcha
ndachikoleka kumsana, kungoyesa lamba basi.
Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde.
Ndatsika.
Ndadikira lole ya kabichi idutse,
ndaoloka msewu.
Anyamata a kabaza ayamba kukuwa,
"Madala, ulendo wa kuti?"

Ndabwerera ndisanayankhe.

Wafunsa mtengo.
Ndati siya kandalama kaja, ka mayi wobereka mwana.
Kali m'kabati ya makina, pamodzi ndi mabatani.
Sokosi watenga,
akuti inzake inatsala pachingwe padenga la nyumba ija
ndipo tsiku lina adzakaitenga.