Tebulo Loyenda

Galaja lathu ku Puerto Montt ndi lopanikiza:
galimoto ikalowa, munthu umadutsa chammbali
mimba utaibweza mkati.
Zenera ndi limodzi, loyang'ana kumpoto,
ndipo mwezi wa Juni dzuwa limangosuzumirapo
ngati mlendo amene wasiya basi ikulira panja.

Bambo anga, a Eliseo, anakhoma mabwato ku Calbuco
zaka makumi anayi.
Tebulo lawo linatsala komweko.
Amuna asanu ndi mmodzi analigwira m'makona,
linakana,
miyendo yake inali itamera m'dothi.
Chibwerereni kwanga manja awo amangokhala pamaondo
ngati zipangizo zimene mwini wake anabwereketsa n'kuiwala.

Loweruka lina ndinabwera ndi matabwa a paini,
guluu, misomali yopota,
ndi kabokosi ka mawilo anayi.
Anatola wilo limodzi, kulizunguza ndi chala,
kulimvetsera ngati akumva bodza.
Ximena, anatero, tebulo loyenda si tebulo.
Imeneyo ndi ngolo.

Sindinayankhe. Ndinayeza, ndinalemba, ndinadula.
Macheka anali kulira mwachibwibwi m'manja mwanga,
iwo ali pampando, maso kudenga,
nsagwada zikutafuna mawu.
Mwendo wachitatu unafupika ndi kachala ka mwana.
Apo ndiye anadzuka.
Pensulo yako ndi yonenepa, anati,
umadula mzere m'malo modula pambali pake.
Anandilanda sikweya osandiyang'ana.

Mvula inagwa masiku asanu ndi anayi
ndipo denga la malata silinatseke pakamwa.
Ife pansi pake tinalimbana ndi msinkhu:
ine ndinaiwala kuti mawilo amakweza tebulo,
iwo anaiwala kuti msana wawo unawerama.
Tinadulanso miyendo yonse.
Pamwamba tinasanja matabwa awiriawiri kuti palemere,
pansi shelefu ya zitini za misomali,
kumanzere chopanira chachitsulo
chimene anabwera nacho atachikulunga m'juzi
ngati khanda.

Tsiku lomaliza ndinalikankha ndi dzanja limodzi.
Linapita lokha mpaka pazenera
n'kuima m'kachigamba ka dzuwa.
Iwo anaponda mabuleki, limodzilimodzi, onse anayi,
anaika thabwa, anakankha puleni ndi thupi lonse
kufuna kuti ligwedezeke, aseke.
Silinasunthe.
Zopalapala zinagwa zopotana ngati tsitsi la mwana,
fungo la utomoni linadzaza galaja.
Mwina, anatero. Ndi mawu okhawo.

Koma dziko lathu lino silidziwa kugona phee.
Usiku wa Lachitatu nthaka inadzinyung'unya,
makapu analankhulana m'kabati,
nyali inavina pang'ono, kenako zii.
Ndiye pansipo: gududu, gududu, gu!

Tinatsika ndi tochi, iwo atafunda bulangete.
Tebulo linali litawoloka galaja lonse
n'kukapsompsona chitseko cha galimoto yanga,
chibowo chake ngati mbale.
Mabuleki onse anayi anali m'mwamba.

Ndani analisiya chomasula?

Bambo anayang'ana chibowocho, anayang'ana masilipasi awo.
Madzulo ndimalondola dzuwa, anatero.
Linathawira pakhomo, ndiye ndinalitsatira.
M'dzanja lobisika m'bulangete munali kabwato,
kotalika ngati chikhatho,
nthiti zake zoonda ngati machesi,
kosapaka utoto.

Chitseko cha galimoto sindinakonzetse.
M'mawa uliwonse ndikatulutsa galimoto
ndimamva kumbuyo kwanga mawilo akuyamba ulendo wawo
wa mamita atatu,
kuchoka kukhoma kupita kuzenera,
munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ali pachiwongolero,
akukocheza pamene pali kuwala.
Kenako kulira kunayi kwa mabuleki:
kha, kha, kha,
kaye kachete, poti bondo lamanzere limavuta,
kha.