Anabwera ndi Chiperoni

Timati anabwera ndi chiperoni,
chifukwa tsiku limene anatsika basi pa Wenela
phiri la Ndirande linali litafunda nkhungu,
iye alibe chofunda:
malaya amodzi, nsapato za matayala,
ndi dzina loti Alumando Mukhova
limene kalaliki wa pageti analilemba mokhota,
n'kukhala lake mpaka imfa.

Kwawo kunali kutsidya kwa Muloza,
kumene mfuti zinkalira atambala asanalire.
Za kumeneko sankakamba.
Ukamufunsa ankangopukuta manja pa ovolosi.

Zaka khumi ndi zinayi ku Makata,
shifiti ya usiku,
pakati pa makina ogonthetsa m'kutu,
thonje likulowa m'mphuno, m'nsidze, m'malovu.
Chala cha mkombaphala anachisiya komweko,
lamba atachimeza Lachinayi lina.
Anamupatsa masiku asanu opuma ndi kabotolo ka ayodini.
Anzake ankamunena kuti ndi obwera.
Iye ankati: nawonso ulusi ndi obwera,
koma tauchotsani tione ngati nsalu itsale.

Ena akugula njinga ndi wailesi,
iye ankaponya makobidi m'chitini cha girizi,
mpaka anagula chiphapha cha makina oluka
kwa Mmwenye wa ku Limbe amene ankasamuka.
Anachikokera ku Chirimba, m'shedi yodontha,
miyezi itatu akuchinyengerera
ndi masipoko a njinga ndi mawaya otola.
Tsiku limene chinatsokomola n'kuyamba kuyenda
ine ndinalipo, nditasiya sukulu ndi mimba,
ndikugulitsa zitumbuwa pakhomopo.
Anandiyang'ana zala, osati mimba.
Mawa ubwere, anatero.

Ubweya unkachokera kutali,
m'mabelo onunkha nkhosa zimene sitinazionepo.
Tinkauchapa, kuupota, kuunyika mu utoto,
zikhatho zathu n'kubiriwira mpaka Khirisimasi.
Majuzi a ana asukulu. Masikafu a alonda.
Tizipewa ta makanda obadwa masiku asanakwane ku Gulupu,
timeneto sankalola kuti tilembe m'buku la ngongole.

Sanali mngelo, ndisakunamizeni.
Malipiro ankatha kufika pa teni mwezi wina,
ndipo ulusi ukaduka ankakalipa m'chinenero cha kwawo,
mawu amene tinawaloweza osadziwa tanthauzo.
Koma tinafika anthu makumi atatu ndi awiri,
ndipo ana athu ankadya.

Kenaka kunabwera mabelo ena,
obweranso,
omasulidwa pansi ku msika wa Limbe ndi mluzu ndi mfuu:
juzi ya kunja pa mtengo wa mabanzi awiri.
Ifenso tinkagula, mobisa.
Magetsi akathima ankakhala mumdima pafupi ndi makina
ngati munthu wodikirira wodwala.
Anagulitsa oyamba, achiwiri, achitatu.
Chiphapha chija anakana.

Anapita mu Juni,
chifuwa chitadzaza thonje la ku Makata.
Kutsidya kwa Muloza sikunabwere munthu.
Adzukulu tinali ife, anamfedwa tinali ife,
ndipo abusa atafunsa mfumu ya kwawo
tinayang'anana, wina n'kutchula Chirimba.

Shedi ija lero amagulitsamo simenti.

Koma dzulo m'minibasi ya ku Lunzu
kamnyamata kanandikhalira pamwendo,
katavala juzi yobiriwira, yotha m'zigongono,
yoti yadutsa pa misana ya akulu ake angapo.
Ndinatembenuza khosi lake mwakachetechete.
Inalipo: mfundo yopendama ija
imene amamanga munthu wa zala zinayi,
imene tonse tinaphunzira kumanga choncho
poganiza kuti ndi mmene imamangidwira.

Mayi wake anandiyang'ana modabwa.
Ndinati: ayi, ndimangoona ngati akumva kutentha.
Kunja chiperoni chinali chikutsika m'phiri,
chochokera komwe kuja,
chopanda chiphaso.