Nyumba Yogontha Khutu Limodzi

Mwana wawo anakasiya pa shelefu asanakwere ndege,
kabokosi kakuda ngati botolo la mafuta odzola.
"Muzingokauza," anatero, "kamamva chilichonse."
Chilichonse, ati.

Lolemba kanamvadi.
Lachiwiri ndinati kayatse nyali ya pakhonde,
iko kanatsegula geti.
Galu wa a Pretorius tinakamugwira mumsewu wa Malibongwe
akununkhiza matayala a minibasi.

Ndinayamba ndi kudzikayikira ndekha,
monga timachitira ife obwera.
Lilime ndinalipinda, ndinaliwongola,
ndinayankhulira m'mphuno ngati owerenga nkhani pa wailesi.
Kanati ndibwereze.
Zaka zisanu ndi zinayi m'Joni muno ndakhala ndikubwereza,
kwa apolisi, kuchipatala, pa windo la mapepala.
Lero ndikubwereza kwa pulasitiki.

Mlongo wanga Fanizo, wokoka mawaya ku Fourways,
anandilangiza pa foni, m'kamwa muli buledi:
zula, werenga mpaka makumi atatu, bwezera.
Ona ngati mababu awiri sakulimbirana dzina limodzi.
Magetsi akathima n'kuyakanso, wayifayi amadzuka mochedwa,
kabokosiko kamadzuka kali kamasiye.
Ndipo kachotse pafupi ndi firiji,
mkonono wake umakatseka makutu.

Ndinachita zonsezo.
Mababu analidi awiri, dzina limodzi ngati ana a mitala.
Lina ndinalitcha Dedza, linalo Ntcheu.
Masiku atatu Dedza ankayaka ndikangomutchula,
ine n'kumaseka ndekha m'khitchini.

Koma a Pretorius, chiwagwireni sitiroko,
mawu awo amatuluka mothithikana, theka n'kutsalira pakhosi.
Lachisanu usiku ndinawamva ndili kuchipinda changa chakuseri
akupempha kuwala, kanayi, kasanu,
kabokosi kakupepesa mwaulemu kuti sikanamve bwino,
kenaka n'kuwauza kuti mawa kuzizira.

Ndinalowa osagogoda.
Mumdimamo ndinapapasa khoma.
Swichi yakale ija inali pomwepo,
yomatidwa selotepi kuti tisamayikhudze.
Ndinamatula. Kuchipinda kunati ngwee.

Anandiyang'ana, maso ali onyowa,
nanena china chake choti ngakhale ine sindinachigwire.
Ndinawapatsa madzi.
Analidi madzi.

Fanizo akuti abwera Loweruka ndi makwerero ake,
mwina vuto ndi khoma lokhuthala la pakolido.
Pakadali pano ndamangirira belu la njinga pa chitsulo cha bedi lawo,
ndipo ndikumagona chitseko changa chili chotsekula pang'ono,
ngakhale mphepo ya Juni ikulowera pomwepo.