Yofiira ya Mayi Radebe

Inabwera Lachiwiri itaberekedwa pa lole,
yofiira ngati tsabola wakupsa,
mimba ikufuna kukhudza pansi.
Mayi Radebe anatsika, makiyi akulira m'manja:
"Ikutsokomola. Kwina andiuza kuti injini yatha."

Kwinako, ku Sandton, anailumikiza ku kompyuta.
Kompyuta inalavula manambala,
manambala anabala mtengo
woti kwathu ku Ntcheu ndikanafolera nawo nyumba zitatu.
Ine kuno ku Booysens chuma changa ndi khutu
ndi kachitsulo katali komwe ndimagunditsa pa injini,
nsonga inayo kukhutu,
monga mzamba amvera mwana asanabadwe.

Fatsani, liza.
Taima kaye. Lizanso.
Wamva? Masilinda ndi asanu ndi imodzi
koma oyimba ndi asanu.
Inayo yangoti ziii, ngati mkamwini pa mlandu wa munda.

Usathamangire kumasula mutu wa injini, mphwanga.
Yambira pa zotchipa:
pulagi, koyilo, waya.
Matenda a ndalama zambiri
nthawi zina amabisala m'kanthu ka marandi makumi awiri.

Titavundukula, fungo linatilonjera.
Makoko a mtedza, tizidutswa ta nyuzipepala,
ndi waya wa koyilo yachinayi
wotafunidwa bwinobwino mpaka mkuwa kuonekera.

Mayi, injini sinathe ayi.
Mwasunga khoswe wosalipira lendi.

Anaseka mpaka kugwira khoma.
Ndinafunsa: munaiyendetsa liti?
Anawerenga zala. Pasaka.
Galimotoyi inali ya malemu amuna awo.
Amaipukuta Loweruka lililonse,
koma kuiliza, mtima sulola.

Ndinapukuta manja nthawi yaitali kuposa m'mene anadera.

Mayi, kavalo wotere amafa ndi kukhala.
Batire imagona osadzukanso,
matayala amaphwatalala mbali imodzi,
petulo amasasa ngati thobwa la dzana.
Itulutseni kamodzi pa sabata.
M'mawa wa Juni, chisanu chikamaluma zala,
musaiponde isanafunde;
oyilo akhale wayenda kaye m'mitsempha yonse.
Oyiloyo musinthe chaka chikatha,
ngakhale mwayenda pang'ono chabe.
Madzi a mabuleki amamwa chinyezi mwakachetechete,
pa zaka ziwiri atayeni.
Lamba wa injini musadikire kuti alire,
tsiku lomwe adzadukelo sadzatsanzika.

Ndipo akadzakuitanani anyamata a pangodya,
"Mama, chomwechi chomwe, theka la mtengo,"
yang'anani nambala ya pa chitsulo, osati ya pa bokosi.
Bokosi aliyense amasindikiza.
Ndaikapo mapadi otere, ndikudziwa:
anasungunuka potsetsereka, ndinabweza ndalama ndi manyazi.

Maenje a mumzinda uno muwazembe ngati angongole.
Mitambo ikada cha kummwera, thawirani pansi pa denga;
matalala a ku Joni sadziwa mtengo wa penti.

Magetsi anazima tili pakati.
Fatsani anaunikira ndi foni,
ine ndikuluka waya, ulusi ndi ulusi.
Itakwana folo, tinaliza.
Onse asanu ndi mmodzi anayankha pamodzi,
malata a galaja mpaka kunjenjemera.

Ndinawapatsa makiyi. Anandibwezera.
"Yendetsani ndinu. Ine ndikhala kumbali,
komwe ndinkakhala."

Tinakwera M1 dzuwa likupendeka,
milu yachikasu ya m'migodi ikutsalira m'mbuyo.
Giya yachitatu, yachinayi,
msana wanga unamatirira kumpando.
Sanayankhule. Anangotsitsa galasi,
mphepo n'kuwasokoneza tsitsi.
Pobwerera anati, "Imani apa,"
tinasinthana malo.

Usiku ndinakwera minibasi ya ku Rosettenville,
anayi pampando wa atatu,
bondo langa lili m'nthiti mwa munthu.
Kutsogolo kumanzere kunkalira kanthu.
Belingi.
Ndinafuna kumuuza dalaivala,
koma anali atakweza wailesi.