Fomu ya a Bonongwe

Lolemba m'mawa ku Southerton
Mai Marufu anditula mulu wa mafomu:
"Oyendera abwera Lachinayi.
Aliyense akhale ndi malikisi ake."

Ndayambira a Bonongwe,
a makina odula misomali, achitatu kuchokera pakhomo.

Bokosi loyamba: sukulu.
Ndakoka kamzere.
Lachiwiri: satifiketi ya luso.
Kamzere kena.
Lachitatu likufunsa misomali ingati pa ola,
yopindika ingati pa chikwi,
mphindi zingati zochedwa mwezi uno,
ngati kuti kombi ya ku Mufakose
imayang'ana wotchi ya kampani.

Apa cholembera chaima.
Palibe bokosi la khutu.

Dzana, makina onse ali phokoso,
iwo anapendeketsa mutu, nazimitsa awo.
Kapitawo anabwera chothamanga, thovu kukamwa.
"Mpeni ukulira mwachilendo," anatero, basi.
Titamasula, mng'alu wake unali ngati tsitsi limodzi.
Pa tchati cha pakhoma tsikulo lili ndi inki yofiira:
mphindi makumi anayi zotayika.
Waya amene sitinaononge
sanalembedwe paliponse.
Chimene sichinachitike chilibe nambala.

Komatu fomu si mdani wanga.
Ndi iyo inagwira sikelo yonama ija chaka chatha,
ndi iyo inaletsa kukweza anthu chifukwa cha chibale.
Ndipo a Bonongwe apuma ntchito mu Disembala.
Khutulo lidzakwera nawo kombi
osabweranso.

Nthawi ya tiyi ndawatsata ndi pepala.
"Ndiuzeni zimene mumamva, ndilembe mwa ndondomeko:
choyamba, chachiwiri, chachitatu."
Aseka mpaka kutsamwa ndi buledi.
Anthu onse amawayankhula Chishona,
Chichewa amasungira makina ndi ine,
mdzukulu wa mlonda wa ku Dedza
amene anafera kuno asanaone kwawo.

"Bwera kuno."
Agwira dzanja langa, alisanjika pa chitsulo chofunda.
"Uku ndi kukhuta.
Dikira... uku ndi ludzu la girisi.
Ukamva ngati mano akugwedera,
usadikire munthu wa tayi."
Sindinamve kanthu. Kunjenjemera kokha.
"Mawa ubwerenso. Ubwere ndi Tawanda,
mnyamata uja ali ndi mapepala, koma manja ake ngogontha."

Pansi pa fomu pali kampata ka mizere iwiri:
Ndemanga zina.
Ndalemba timalemba tating'ono ngati nyerere,
ndasefukira m'mphepete, ndatembenuza pepala.
Mai Marufu awerenga, magalasi ali pamphuno.
"Izi tiziyeza bwanji?"
Ndati sindikudziwa.
Akhala chete, kenako asaina.

Madzulo mu Simon Mazorodze magalimoto ali bata,
dzanja langa lili pa chitseko cha kombi.
Injini ikunena kanthu.
Ndatsala pang'ono kumva.